Zipere zotupa za m'mutu mwa ana (kerion): kuzizindikira ndi kuzichiza

Zipere za m'mutu aliyense amazidziwa: kadazi kozungulira, kotuwa, koyabwa. Koma mwa apo ndi apo, ana ena chipere chimawatupira n'kukhala chotupa chofewa, chowawa, chotulutsa mafinya m'timabowo tambirimbiri. Tsitsi la pamenepo limazuka lokha ukangolikoka pang'ono, m'khosi mumatuluka mwanabele, nthawi zina thupi limatentha. Madokotala amachitcha kerion.

Chimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa bowa tokhala mkati mwa tsitsi. Timafala pobwerekana lezala, makina ometera, chipeso kapena chisoti, komanso kuchokera ku ziweto. Kuno ku Chifunde, kumene ana ambiri amabusa ng'ombe, yang'anani ana a ng'ombe amene ali ndi zigamba zotuwa kumaso ndi m'khosi. Agalu ndi amphaka nawonso amapatsira.

Vuto lalikulu n'lakuti chotupachi chimafanana ndi chithupsa. Makolo amachifinya kapena kuchitema mphini, ena amagula makapisozi pamsika. Zonsezi sizipha bowa, ndipo kuchicheka kumangokulitsa chilonda. Mafuta odzola okhala ndi betamethasone, amene amagulitsidwa chisawawa m'misika ina, amaziziritsa kuyabwa masiku ochepa kwinaku matenda akufalikira.

Pitani naye mwana ku Centro de Saúde. Azaumoyo amazindikira poona chotupacho ndi kufunsa za ziweto ndi ana ena pakhomo. Kumene kuli maikulosikopu, amazula titsitsi tingapo n'kutiyeza. Zikavuta, amatumiza ku Hospital Provincial de Tete.

Mankhwala ake ndi akumwa, chifukwa odzola salowa mkati mwa tsitsi. Odziwika kwambiri ndi griseofulvin, amene amamwedwa tsiku lililonse kwa masabata 6 mpaka 8, nthawi zina kupitirira. Mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana, choncho musagawire m'bale wake mapiritsi omwewo. Amagwira bwino akamwedwa ndi chakudya cha mafuta, monga phala la nsinjiro kapena mkaka. Ena amapatsidwa terbinafine. Shampu wa ketoconazole, kawiri pa sabata, amachepetsa kupatsirana koma payekha sachiza.

Kutupa kukaphwa musasiye mankhwala, bowa amakhala akadalimo. Tsitsi limameranso pakapita miyezi, koma mwana akachedwa kulandira chithandizo pamatsala chipsera chosameranso tsitsi. Akayamba kumwa mankhwala, angathe kupita kusukulu.