Kachule ka pathanthwe ndi malire ake

Munthu akawoloka pa chipata cha Muloza kulowa Milange, amasiya phiri la Mulanje kumbuyo n'kuyang'anana ndi la Tumbine. Malire amenewa anachokera m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891. Koma m'mapiri a chigawochi muli kachule kakang'ono ngati nsonga ya chala, kamene malire ake ndi akale zedi kuposa amenewo. John Poynton, katswiri wa achule wa ku South Africa, anakalemba m'mabuku a sayansi mu 1963 kuchokera pa Mulanje, ndipo anakatcha Nothophryne broadleyi polemekeza Donald Broadley. Kamakhala pa matanthwe amene madzi amangochucha, ndipo ambululu ake sasambira m'dziwe, amakwawa pamwala wonyowa. Posakhalitsa achule ofanana nako anapezeka pa phiri la Ribáuè ku Nampula, ndipo kwa zaka pafupifupi 50 onsewo ankawerengedwa ngati mtundu umodzi wopezeka m'mayiko awiri.

Mu 2018 Werner Conradie ndi anzake, atayeza matupi ndi DNA, anaonetsa kuti si choncho. Anatchula mitundu inayi yatsopano ku Mozambique: baylissi pa Namuli pafupi ndi Gurúè, inagoensis pa Inago, ribauensis pa Ribáuè, ndi unilurio ku Taratibu m'chigawo cha Cabo Delgado. Dzina la broadleyi linatsalira wa pa Mulanje yekha. Ena anganene kuti uku n'kungochulukitsa mayina, popeza ndi maso achulewa sasiyana kwenikweni. Ine ndikuona kuti dzina limodzi lija linali loopsa. Linkatonthoza anthu kuti akatha pa phiri lino atsalabe pa lina, pamene zoona zake n'zakuti phiri lililonse lili ndi wake, ndipo zigwa zotentha zapakati zinawalekanitsa kalekale. Milange ili pakati pa Mulanje ndi Namuli, koma kwa kachule kosowa mwala wonyowa, mtunda umenewu ndi nyanja yosawolokeka. Nkhalango ya pa Namuli ikamagwetsedwa kuti palimidwe mbatatesi, Mulanje sangabweze chimene chatayika kumeneko.

Mfundo yovutirapo kuyankha ndi ya Taratibu, komwe kachuleka kapezeka pa miyala yotsika, kutali ndi kuzizira kwa Sapitwa, nsonga ya Mulanje ya mamita 3,002. Kodi pamenepa si umboni woti n'kolimba, kangakhale paliponse? Ayi, zikungoonetsa kuti chimene kamafuna si kutalika kwa phiri, koma thanthwe losauma. Ndipo thanthwe silisunga madzi lokha. Mvumbi wa chiperoni, wotchedwa ndi dzina la phiri la Chiperone la m'boma la Milange lomweli, umagwidwa ndi udzu, ndele ndi mitengo yakumtunda, n'kumatsika pang'onopang'ono. Moto wa osaka mbewa ukanyambita udzuwo m'chilimwe, pofika Okutobala mwala uli gwa, wouma.