Nyimbo za pamtondo

Nyimbo za pamtondo ndi zomwe amayi amaimba posinja chimanga, kugunda kwa misi n'kumakhala ngati ng'oma. Kale zinkamveka m'midzi ya ku Tsangano, Macanga komanso kutsidya kwa malire ku Ntcheu.

Sizinali zongopepukitsa ntchito. Mayi amene mwamuna wake wamwera ndalama za kachewere, kapena watopa ndi apongozi, ankaimba dandaulo lake osatchula dzina. Anzake ankavomera, mudzi wonse n'kumva kuti apa ndiye pamalire, ndipo wolakwayo ankadzidziwa yekha.

Nyimbo ya Chisipanishi ya Shakira ndi Bizarrap ya mu 2023, yokana kupeputsidwa ndi mwamuna, ndi yamtundu womwewu, kungoti iyeyo sanabise kwenikweni yemwe ankamunena.

Zigayo zitachuluka, nyimbozi zayamba kusowa.