Kholingo la mphunzitsi wa ku Vienna

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, lero ndasiya kaye nkhani za Fort Manning ndi Angoni a Mpezeni. Ndikufuna tione mbiri ya opaleshoni ya khansa ya m'kamwa, pakhosi ndi m'khosi, poti kwathu kuno fodya ndi kachasu, zomwe zimakolezera matendawa, sizisowa.

Pa 31 December 1873, ku Vienna, dokotala Theodor Billroth adachotsa kholingo lonse la munthu wodwala khansa, koyamba m'mbiri. Wodwalayo adali mphunzitsi ngati ife, wa zaka 36. Tangoganizani mphunzitsi wopanda mawu! Wothandizira wa Billroth, Carl Gussenbauer, adamupangira kachipangizo kolankhulira, koma khansayo idabwereranso ndipo adamwalira chaka chisanathe. Mu 1906, George Crile wa ku America adafotokoza njira yochotsera pamodzi timinofu ta m'khosi momwe khansa imathawira.

Sikuti chotupa chilichonse chimafuna mpeni. Mu 1958 Denis Burkitt, dokotala wa ku Mulago ku Kampala, adalemba za chotupa cha nsagwada mwa ana, ndipo mu 1961 adazungulira zipatala zambiri, kuphatikizapo za Nyasaland, kufufuza kumene chimapezeka. Adapeza kuti chimakonda madera otentha ndi achinyontho, komwe malungo ndi ochuluka. Chotupachi chimamva mankhwala, osati mpeni.

Kuno dokotala woyamba wa Chimalawi wa makutu, mphuno ndi pakhosi, Wakisa Mulwafu, adayamba ntchitoyi ku Queens mu 2007 ataphunzira ku Cape Town. Makina owotchera khansa adatichedwera kwambiri. Lusaka idali nawo kuyambira 2006, pomwe ife tidadikira mpaka 2024 ku Blantyre, pachipatala chapulaiveti, ndi 2025 ku Lilongwe.

Koma ine ndimaona kuti chovuta kwenikweni ndi kukambirana. Wodwala akatumizidwa kuchoka ku Mchinji kupita ku Central, amene amasenza zonse ndi gadiyani, kawirikawiri mayi kapena mlongo wake, ndipo nthawi zina achibale sagwirizana za opaleshoni mpaka amalume atafika. Onsewa ayenera kumva zoona asanasaine. Amene wachotsedwa kholingo amapumira pa kabowo ka pakhosi moyo wake wonse. Kabowoko kamafuna kutsukidwa, kutchingidwa ku fumbi, ndipo madzi asalowemo posamba. Kusambira mu Bua ndiye kwatha. Masiku oyamba amadyera m'kapaipi ka m'mphuno, nsima imadikira. Mawu akale sabwerera, ngakhale ena amaphunzira kulankhula mwa njira ina.

Ndiye funsani adokotala: mudzachotsa chiyani? Adzadya bwanji? Adzawotchedwanso pambuyo pake? Ngati wodwala sadziwa kulemba, gwirizanani zizindikiro za manja opaleshoni isanachitike, za ululu, ludzu ndi kubanika. Ndipo mawu akasasa kupitirira masabata atatu, kapena chilonda cha m'kamwa chikakana kupola, musadikire kuti fodya agulitsidwe kaye.