Purosesa ya wamba kapena ya workstation: werengani kaye musanatulutse ndalama

Sabata yathayi mnyamata wina amene amajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno kwathu ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Anali malonda a pa Facebook: kompyuta yakuda, yaikulu ngati sutikesi, atalemba kuti ndi workstation, purosesa yake Xeon, ma core 12, RAM 64GB. Funso lake linali lachidule: "Aise, ndigule imeneyi kapena ndisonkhanitse ya Ryzen? Ndalamayi ndi ya chipereganyu, ndikaphonya apa ndatha."

Funso ngati ili ndalilandira kambirimbiri. Ine si injiniya ayi, ku yunivesite ndinangochita zaka ziwiri fizi n'kundigwetsa. Koma kuyambira pamenepo ndimadyera kukonza makompyuta ndi kulemba, ndipo nkhani yomweyi inandiotchapo kale chala. Ndiye ndati ndilembe zonse pamalo amodzi, wina akadzafunsanso ndizingomulozera pano.

Magulu awiriwa ndi ati?

Purosesa ndi kachipangizo kamene kamawerengetsera chilichonse chomwe kompyuta ikuchita. Pa makompyuta a patebulo msika uli m'manja mwa makampani awiri, Intel ndi AMD, ndipo iliyonse imapanga magulu awiri.

Gulu la wamba ndi limene ambiri timalidziwa: Intel Core i3, i5, i7, i9 ndi atsopano aja a Core Ultra, komanso AMD Ryzen 3, 5, 7 ndi 9, amene anayamba kutuluka mu 2017.

Gulu la workstation ndi Intel Xeon W komanso AMD Threadripper ndi Threadripper PRO. Awa anawapangira ma injiniya, asayansi ndi makampani opanga mafilimu, anthu amene kompyuta yawo imakhala ikulemedwa usana ndi usiku.

Mawu oti workstation asakupusitseni kuti ndiye kuti ndi yothamanga pa chilichonse. Lole ya matani 30 imanyamula katundu wambiri kuposa minibasi, koma pothamangira ku ntchito m'mawa mumakwera minibasi.

Kusiyana kwenikweni kuli pa zinthu zinayi

*Ma core.* Core iliyonse ili ngati wantchito mmodzi. Ryzen 9 7950X ya 2022 ndi 9950X ya 2024 zili ndi ma core 16. Core i9-14900K ili ndi 24, koma 8 okha ndi amphamvu, 16 enawo ndi ang'onoang'ono osunga magetsi. Ku workstation manambala amakwera: Threadripper 7960X ili ndi 24, 7980X ili ndi 64, ndipo PRO 7995WX ili ndi 96. Xeon W-3400 imafika 56.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Ntchito zina zili ngati kuumba njerwa: mukaitana aganyu 60, njerwa zimachuluka msanga chifukwa aliyense ali ndi chikombole chake. Zina zili ngati kuphika nsima mumphika umodzi: kaya mubwere anthu 60, wogwira mthiko ndi mmodzi, enawo angoima n'kumayang'ana. Pa ntchito ya mtundu wachiwiriwu chofunika ndi mphamvu ya core imodzi, ndipo pamenepo mapurosesa a wamba atsopano nthawi zambiri amafanana ndi a workstation kapena kuwaposa kumene.

*Njira za memory.* Purosesa imatunga deta mu RAM kudzera m'njira zimene amazitcha ma channel. Ganizirani kiyosiki ya madzi. Ya wamba ili ndi mipopi iwiri. Threadripper ndi Xeon W-2400 zili ndi inayi, pomwe Threadripper PRO ndi Xeon W-3400 zili ndi isanu ndi itatu. Ngati otunga ndi ochepa, mipopi iwiri ndi yokwana. Mzere umayamba pokhapokha ma core ambirimbiri akamafuna deta yochuluka nthawi imodzi. Kuchuluka kwa RAM nakonso kumasiyana: ma motherboard ambiri a wamba a masiku ano amafika 128GB kapena 192GB, pomwe a workstation amafika 1TB ndi kupitirira.

*ECC.* Iyi ndi RAM imene imazindikira ndi kukonza yokha tizolakwika ting'onoting'ono ta deta. Kwa munthu amene akuwerengetsera kulimba kwa mlatho kwa masiku atatu osazimitsa kompyuta, kacholakwika kamodzi kangathe kuononga ntchito yonse. Kwa ife opanga ma poster a zovina, kusowa kwa ECC sikutilanda tulo. Ma Ryzen ena amalola ECC ngati motherboard yake ikuvomera, koma ku workstation ndiye kwawo kwenikweni.

*Ma lane a PCIe.* Iyi ndi misewu yolumikiza purosesa ndi graphics card komanso ma SSD othamanga aja a NVMe. Core i9-14900K ili ndi 20, Ryzen 7000 ili ndi 24 yoti mugwiritse ntchito. Graphics card imodzi imatenga 16, SSD imodzi 4. Mwaona kuti card imodzi ndi SSD imodzi kapena awiri zikukwana bwinobwino. Xeon W-3400 ili ndi 112, Threadripper PRO ili ndi 128. Zimenezi zimafunika kwa munthu woika ma graphics card atatu kapena anayi m'bokosi limodzi. Dzifunseni moona mtima ngati ndalama ya card yachiwiri yokha muli nayo.

Mtengo si wa purosesa yokha

Potuluka, Ryzen 9 7950X inali pa madola 699 a ku America. Threadripper 7960X ya 2023 inali pa 1,499, 7980X pa 4,999, ndipo PRO 7995WX pa 9,999. Imeneyo ndi purosesa yokha, bokosi lisanagulidwe.

Purosesa ya workstation siilowa pa motherboard wamba. Threadripper 7000 imafuna socket ya sTR5, Xeon W-2400 ndi W-3400 zimafuna LGA4677, ndipo ma board akewo paokha amadula kuposa purosesa yabwino ya wamba. RAM yake ndi DDR5 ya mtundu wa RDIMM, imene ine sindinaionepo m'shopu iliyonse ya m'tauni muno, ndipo kuti njira zonse zigwire ntchito mumafunika timitengo tinayi kapena tisanu ndi titatu. Choziziritsira ndi chake chake. Mulibenso graphics ya mkati, ndiye popanda card sikirini imangokhala bii.

Kwa ife pali zinanso. Katundu ameneyu amagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwe kupezeka kwake mukukudziwa nokha, ndipo kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zipangizo siinabwererenso pansi. Onjezerani wokubweretserani ndi msonkho wa pa boda. Ndiye tsiku lina board ija yapsa. Ya AM4, AM5 kapena LGA1700 mukhoza kuifunafuna ku Blantyre kapena ku Lilongwe n'kuipeza. Ya Threadripper mudikira ichokere ku Johannesburg kapena ku Dubai, uku mwini ukwati akuimba foni tsiku ndi tsiku kufunsa vidiyo yake.

Magetsi ndi kutentha

Ryzen 5 5600 imalembedwa mawati 65. Ryzen 9 7950X ndi 170. Threadripper 7000 iliyonse ndi 350, graphics card ndi sikirini tisanawerengere. Masamu ake ndi osavuta: kompyuta yokoka mawati 500 kwa maola 8 yadya mayunitsi 4. Kwa masiku 25 ndi mayunitsi 100. Ngati mita ndi yogawana ndi anzanu a pa lendi, konzekerani msonkhano ndi alandilodi.

Magetsi akathima nkhani imakulanso. Ka UPS ka 650VA kamene ambiri tili nako kamapirira mawati osafika 400, ndiye workstation yolemedwa imakagwetsa nthawi yomweyo. Ngati mumadalira sola ndi inverter, wati iliyonse yoonjezera ndi batire loonjezera. Ndipo magetsi onse amene purosesa yadya amasanduka kutentha. Kachipinda ka malata kopanda siling'i mu Okutobala, fumbi lili kobo, purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Mwalipira ma core 64 koma akugwira ntchito ngati ali ndi malungo.

Nanga ma Xeon akale otchipa aja?

Zoona zake n'zakuti ambiri a ife sitikusankha pakati pa Ryzen 9 ndi Threadripper yatsopano. Tikusankha pakati pa kompyuta yatsopano ya wamba ndi workstation ya kaunjika, monga HP Z440 kapena Dell Precision T5810, zimene zinatuluka cha mu 2014 ndi mapurosesa a Xeon E5 v3.

Ineyo ndinagula ya mtundu umenewu chaka chimene ndinasiya sukulu, ndalama yake nditagulitsa foni ndi kukongola kwa achemwali anga. Ndinangoona ma core 12 mutu n'kuzungulira, osafunsa kuti purosesayo ndi ya chaka chiti. Ndikafika poika mawu pa zithunzi kapena kusewera mpira pa kompyuta, ya mnzanga ya Core i3 yatsopano inkandisiya kutali. Ngongole ndinabweza miyezi isanu, ndipo mpaka lero achemwali akaiona amafunsa kuti, "Kodi firiji yanu ija ikugwirabe ntchito?"

Sikuti makinawa ndi oipa. Ndi olimba, RAM yake ya DDR4 ECC yakale imapezeka motchipa, ndipo ndi abwino kusungira mafayilo a pa ofesi kapena kuphunzirira za ma server ndi ma virtual machine. Koma dziwani izi musanagule. Core imodzi ya 2014 ndi yofooka poyerekeza ndi ya lero, moti Ryzen 5 5600 ya ma core 6 imafanana ndi Xeon ya ma core 12 ya nthawi imeneyo kapena kuiposa pa ntchito zambiri, uku ikudya magetsi ochepa. Ambiri mwa makinawa power supply ndi motherboard yake ndi za kampani yomweyo, simungangoikamo ya mu shopu. Chachikulu, Xeon E5 v3 ndi v4 mulibe pa mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka a Windows 11, pomwe Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Njira zozembera zilipo, koma ndi zozembera basi.

Ntchito yanu ikufuna iti?

- Magemu: ya wamba, osakayika. Ma core 6 kapena 8 akwana, ndalama yotsala ipite ku graphics card. Ryzen 7 7800X3D ya ma core 8 imaposa Threadripper ya ma core 64 pa magemu ambiri.
- Nyimbo mu FL Studio kapena Cubase: ya wamba. Ma effect a pa track imodzi amayenda motsatana, ndiye mphamvu ya core imodzi ndi imene imaletsa mawu kudukaduka.
- Photoshop, CorelDRAW, mapulani a nyumba mu AutoCAD: ya wamba. Zambiri mwa ntchito zimenezi ndi nsima ya mumphika umodzi ija.
- Mavidiyo a maukwati, nyimbo ndi TikTok, ngakhale a 4K: Core i5 kapena i7, Ryzen 5 kapena 7, RAM 32GB, SSD ndi graphics card yabwino. DaVinci Resolve imadalira kwambiri card. Ma Intel Core okhala ndi graphics ya mkati ali ndi Quick Sync, imene imathandiza Premiere Pro kuwerenga mavidiyo a H.264 ndi HEVC. Amene dzina lawo limathera ndi F alibe.
- Workstation yeniyeni: ngati mumapanga render ya 3D tsiku lonse, mumayendetsa ma virtual machine ambiri nthawi imodzi, deta yanu siikwana mu 192GB, kapena mukufuna ma graphics card angapo. Komanso ngati ola lililonse lodikira likukutayitsani ndalama yoti mungathe kuiwerenga.

Musanapereke ndalama

Yesani kaye kompyuta imene muli nayo. Tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, kenako yambitsani ntchito yanu yolemetsa. Ngati purosesa ili pa 100 peresenti mpaka ntchito kutha, ma core oonjezera akuthandizani. Ngati ili pa 30 koma RAM yadzadza kapena disk ndiyo ili pa 100, vuto si purosesa, ndipo SSD kapena RAM yoonjezera ikupulumutsani ndi ndalama yochepa.

Kwa wogulitsa, musalole kuuzidwa kuti "ndi i7" kapena "ndi Xeon" basi. Funsani nambala yonse. Core i7-3770 ndi ya 2012, Core i5-12400 ndi ya 2022, ndipo i5 imeneyi imaiposa i7 ija kutali. Ayatse kompyutayo inu muli pompo, muone nambalayo ndi maso anu mu Task Manager kapena CPU-Z. Pitani ndi flash yokhala ndi ntchito yanu yeniyeni, muiyese kwa mphindi 20 mukumvetsera mafani. Wokana kuyesetsa katundu wake, musiyireni katunduyo.

Mnzanga wa maukwati uja ndinamufunsa mafunso atatu: makamera ndi angati, magetsi amalipira ndani, ndipo ikafa mawa adzaikonzetsa kuti. Makamera ndi awiri, mita ndi yogawana mabanja atatu, ndipo funso lachitatulo sanayankhe. Tinagwirizana za Ryzen 5, RAM 32GB, SSD ya 1TB ndi graphics card yogwiritsidwapo kale ntchito, chenji n'kugulira UPS yokulirapo. Ali ndi ukwati woti ajambule Loweruka likubwerali, ndipo vidiyo walonjeza kupereka pakatha sabata imodzi.