Kuoneka kwa Mawebusaiti Omangidwa ndi AI pa Google

Mawebusaiti omangidwa ndi zipangizo za AI zolembera mapulogalamu, monga GitHub Copilot yomwe inatuluka mu 2021, amapatsidwa malo pa Google molingana ndi kapangidwe ndi phindu la masamba ake, posatengera amene anawalemba. Vuto limabwera pamene chipangizo chasankha pulogalamu yomangira masamba yotchedwa React, imene kawirikawiri imasiya tsamba lopanda mawu mpaka JavaScript itagwira ntchito pa kompyuta ya wowerenga. Motero Googlebot, pulogalamu yoyendera masamba n'kuwalowetsa m'kaundula, imatha kuchedwa kuona zolembedwazo, ndipo mapulogalamu ena oyendera saziona n'komwe. Mankhwala ake ndi kukonzeratu tsamba pa seva, monga imachitira Next.js, ngakhale kuti mitu ndi mafotokozedwe a masamba zimafunikabe diso la munthu.