Za Kugoneka Ana Ang'ono m'Dziko la M'mbelwa

Amai ambiri a pa boma la Mzimba adandaula kuti mwana wa zaka ziwiri akana kugona, nalira kufikira pakati pa usiku. Tikumbutsane m'mene makolo athu anacitira, pakuti bvutoli silinayamba lero.

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, ndipo pokhazikika m'dziko lino pansi pa M'mbelwa anasunga mwambo wakuti mwana ali wa mudzi wa atate wace. Cifukwa cace mau otsiriza pa za mwana anali ndi gogo wobala bambo. Margaret Read, amene anakhala mwa Angoni kuyambira 1935 kufikira 1939, analemba kuti amai akuru ndiwo analamula tsiku lakuletsa mwana kuyamwa: anapaka tsabola pamabere, natenga mwanayo akagone kwa gogo. Usiku woyamba kulira kunali kwakukuru ndithu. Koma gogo analibe bere lakumnyengerera nalo. Anambereka, namyimbira, nagona naye pamphasa imodzi pafupi ndi moto, ndipo atapita masiku owerengeka mwana anazolowera. Mnyamata atagulula mano anasamukira ku laweni, nyumba yogonamo anyamata.

Ora lakugona kunalibe. Mwana anasinza pamsana kapena pamiyendo akuru ali kusimba nthano, nanyamulidwa ali m'tulo. Wobvuta anamuopsa kuti fisi ali pakhomo, ndipo ici sitingaciyamikire, pakuti mwana wamantha adzuka kawiri kawiri.

Maora anadza ndi belu. Donald Fraser atatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni m'caka ca 1902, ana a sukulu anayamba kulawira m'mamawa, ndi ang'ono ao anadzuka nao pamodzi. Pambuyo pace amuna opita ku Salisbury ndi Johannesburg anabwera ndi nyali za parafini, ndipo madzulo anatalika. Lero magetsi ndi lamya zawatalikitsa koposa.

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalangiza m'caka ca 2019 kuti mwana wa caka cimodzi kapena ziwiri agone maora 11 kufikira 14 pa tsiku, kuwerengera pamodzi ndi tulo ta usana, ndi kuti nthawi yakugona ndi yakudzuka isasinthesinthe. Gogo wakale anafikitsa maorawa wopanda kuwawerenga. Koma mai wokhala m'nyumba ya lendi pa boma, amene apongozi ace ali kutali kwa Mabilabo kapena ku Edingeni, alimbana ndi mwanayo yekha, ndipo m'mawa nchito imdikira.