Za Nyambo ya m'Masewera a Chesi

Ife a m'chigwa cha Domasi tidziwa bawo, masewera amene Ayao anawadziwa poyenda malonda ndi anthu a kugombe la ku Kilwa. Bawo lili ndi maenje 32 ndi njere 64. Tsono alipo masewera ena otchedwa chesi, a pathabwa la zipinda 64, amene mbiri yake itiphunzitsa kanthu.

Chesi anayamba ku India zaka zoposa 1,400 zapitazo, nafika ku Persia, ndipo Aluya anamka naye ku Spain. Kumeneko wansembe wina, Ruy López, analemba buku m'chaka cha 1561, momwe anatchulamo mayambidwe otchedwa gambit. Dzinali lichokera ku mawu a Chitaliyana onena za kupinga mnzako mwendo polimbana. Ife tingati nyambo: wosewera apereka msilikali wake mmodzi dala, kuti mdani atayire nthawi pakudya, pamene iye atulutsa ankhondo ake natsegula njira ya kwa mfumu. Kupatsa n'kuika, anatero makolo.

M'chaka cha 1851 ku London, Adolf Anderssen anasewera ndi Lionel Kieseritzky, nayamba ndi nyambo yotere. Anapereka bishopu, nsanja zonse ziwiri, ndi mfumukazi yomwe, nagwira mfumu ya mnzake ndi akavalo awiri ndi bishopu mmodzi. Anthu anazizwa, nayesa kuti kupereka ndiko nzeru yonse. Koma Wilhelm Steinitz, amene anakhala katswiri wa dziko lonse m'chaka cha 1886, anaonetsa kuti wodziteteza mofatsa akhoza kudya nyambo osakodwa, ndipo wopereka mosawerenga atsala wosauka.

Tidziwa bwanji zonsezi? Chifukwa kusuntha kulikonse kunalembedwa. Mwana wa sukulu akhoza kuyala thabwa nabwereza masewera a 1851 monga anachitikira, nafunsa pamene wogonjayo analakwa.

Nanga bawo lathu? Dokotala Meredith Sanderson analemba malamulo ake m'chaka cha 1913. Koma malamulo si luso. Luso lili m'mutu mwa nkhalamba imene iwerenga njere isanakhudze dzenje, ndi kudziwa posiyira mdani ziwiri kuti idye khumi. Nkhalambayo ikamwalira, masewera ake aikidwa nayo m'manda.

Chifukwa chake, inu odziwa kulemba, khalani pansi pambali pa akulu ndi pepala. Apatseni maenje manambala, ndipo lembani kusuntha kulikonse kuyambira poyamba kufikira pomaliza, kuti adzukulu adzapeze pophunzirira.